Wailesi Yodziwa Dzina la Mudzi Wathu

Abale ndi alongo a nthambi ya Kasakula, ena afunsa kuti wailesi ya m'dera njaciani pamene mawailesi akulu alipo kale. Tiyankhe.

Makolo athu anazolowera wailesi kuyambira 1949, pamene kunafika kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya. Mau a Cinyanja anali kucokera ku Lusaka. M'caka ca 1964 kunabadwa MBC, mau nayamba kucokera ku Blantyre. Konseko ife tinali omvera cabe. Wolankhula ali kutali sangadziwe kuti mlatho wathu wakokoloka, kapena kuti sikelo ya wogula soya iri kuba.

Zinasintha m'caka ca 1998, pamene amai atolankhani anatsegula wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay mothandizidwa ndi UNESCO. Nkhotakota ndi Mchinji anatsatira. Anzathu othawa nkhondo ku Dzaleka, pa Dowa pompa, anatsegula yao ya Yetu mu 2018. Ngakhale ku America boma linalola mu 2000 timawailesi tosapitirira mawati 100, mphamvu ya babu limodzi lakale lija, ndipo anthu akuda m'mizinda ina anatsegula tao kuti adzilankhulire okha. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Koma tisanamizane. Wailesi imadya ndalama: magetsi, makina akaonongeka, ndi anyamata ogwira nchito osalandira kanthu, amene amatopa nacoka. Pamenepo pamafika munthu wa thumba lalikulu, ndipo amene wagula mafuta ndiye amasankha nkhani. Tsono mumangomva nyimbo, moni kwa apongozi ndi kutamanda bwana. Nyimbo sitizikana ai, nafenso timabvina. Koma wailesi yoopa kuchula mtengo wa mtedza pa Ntchisi ndi pa Mponela tsiku limodzi, kuti mlimi ayerekeze yekha, iribe phindu kwa ife.

Cifukwa cace tikuti wailesi yotere ikadzamveka m'mapiri muno isadzakhale ya cipani, ngakhale cathu comwe, kapena ya mfumu imodzi, kapena ya mpingo umodzi. Komiti yace isankhidwe poyera, amai akhalemo, ndipo ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu. Mlangizi wa zaulimi ndi phungu azibwera kudzayankha mafunso athu dziko lonse likumva.

Pa msonkhano ukudzawu mudzi uli wonse ubwere ndi maina awiri, mwamuna ndi mkazi, oyambitsa gulu lomvera wailesi. Amene ali ndi wailesi abwere nayo, mabatire tidzasonkha.

Mlembi wa Nthambi