Mphika wa bulugamu ndi kuiwalaiwala kwa amayi

Juni akafika, chisanu cha kumapiri a Dowa ndi Ntchisi sichinyengerera, ndiye kufunda bulangete pamphika wa masamba a bulugamu kumakoma. Chibwerereni Covid-19, ambirife nthunzi timaiyesa mankhwala a chilichonse. Enanso mwawerenga pa intaneti kuti sauna imateteza ubongo.

Kafukufuku wake alipodi, wa ku Kuopio m'dziko la Finland, pa amuna 2,315. Komatu sanali wa odwala khansa ya m'magazi.

Ngati amayi anu akumwa imatinib, mapiritsi a khansa ya m'magazi ya mgonagona, ndipo ayamba kuiwala pomwe aika makiyi kapena kusowa mawu nkhani ili mkati, musathamangire kutereka mphika. Gwero likhoza kukhala kuchepa kwa magazi, kutopa, kusagona bwino, ngakhale mankhwala omwewo. Thukuta lambiri limatha madzi m'thupi, ndipo munthu wochepa magazi akadzuka pamphikapo chizungulire chingamugwetse, madzi owira ali pomwepo.

Muzilemba m'foni tsiku ndi zomwe aiwala, mukawaonetse adokotala ku Kamuzu Central, akawayeze magazi. Mapiritsiwo asasiye. Muwatcherere alamu yowakumbutsa nthawi yomwera.