Miyezi yabata ya mimba imanamiza

Mimba ikafika mwezi wachinayi, mseru wa m'mawa umatha, fungo la usipa wokazinga silinyansanso, mphamvu zimabwerera, ndipo mayi amatenga khasu ulendo wa kudimba. Ukamufunsa za sikelo amangoti, "Ndili bwinobwino, ndidzayamba ikaoneka." Mawu amenewa mudzawamva ku Golomoti, ku Mtakataka, ngakhale m'midzi yoyandikana ndi chipatala cha Mua Mishoni chenichenicho. Si kuno kokha ayi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse ndiwo adayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira.

Chonsecho miyezi yomwe mayi akuti ali bwinobwinoyi ndiyo mwana amakula mothamanga. Pa masabata 20, theka la ulendo, amakhala wa masentimita pafupifupi 25 kuchokera kumutu kukafika kuphazi, ngati mondokwa wamkulu ndithu, ndipo amalemera magalamu pafupifupi 300. Amayamwa chala, amatembenuka, makutu ayamba kugwira ntchito. Mayi yemwe adaberekapo amamumva akugunda cha m'masabata 16. Wa mimba yoyamba amachedwerako, ndipo poyamba amayesa ndi mpweya wa m'mimba. Pa masabata 20 omwewa chiberekero chimafika pamchombo. N'chifukwa chake namwino amayeza mimba ndi tepi: kuyambira pamenepa, masentimita amayendera limodzi ndi masabata, ndipo akasiyana kwambiri iye amadziwa kuti pali chofunika kuchifufuza.

Zovuta zina za miyeziyi n'zodutsa. Chilungulira ukangodya, kudzimbidwa, msana kuwawa, kukokana kwa miyendo usiku, mzere wakuda wotsika kuchokera pamchombo. Kudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kumwa madzi ambiri, masamba ndi papaya, kugonera chammbali, zimathandiza. Koma za dothi ndiimepo. Ambiri timangoseka tikaona woyembekezera akubudula dothi la pachulu, tikumati ndi mwana akufuna. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo dothilo limatha kubweretsa njoka za m'mimba zomwe zimawachepetsanso. Mapiritsi ofiira a kusikelo aja, omwe ena amawaponya padenga chifukwa amadetsa chimbudzi, ntchito yake ndi imeneyi.

Mdani weniweni kuno kuchigwa ndi malungo. Anzathu a kumtunda ku Dedza boma amafunda mabulangete. Ife mu Okutobala timatulutsa mphasa panja, neti n'kutsala m'nyumba itapindidwa, udzudzu uli mbwee. Munthu wokulira kunyanja thupi lake lidazolowera malungo, kotero tizilombo timatha kukhala m'magazi popanda kutentha thupi kapena kunjenjemera. Mwa mayi woyembekezera timakabisala mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya. Mayi akuyenda, akulima, akuseka, koma magazi akuchepa ndipo mwana sakukula mokwanira. Mapeto ake abadwa wonyentchera kapena masiku asanakwane, anthu n'kuyamba kulozana zala. Wa mimba yoyamba ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu.

Dziko lathu lidali loyamba mu Africa, mu 1993, kuyamba kupereka mankhwala a SP, omwe ambiri timawatcha Fansida, kwa amayi oyembekezera ngakhale asakudwala. Amayambika mimba ikakwana masabata 13, mapiritsi atatu omwera pamaso pa namwino, kenako mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu asanachire. Amene amamwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP. Tsono werengani nokha: wayamba sikelo mwezi wachisanu ndi chiwiri wataya miyezi ingati yomwe mwana akadatetezedwa? Bungwe la WHO lidanena mu 2016 kuti woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu. Woyamba mochedwa sangakwanitse.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira tsiku la sikelo: kutaya magazi ngakhale pang'ono, kutsika madzi, kutentha thupi, mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena mwana yemwe ankagunda kungoti zii. Kutupa kuja ena amati ndi mapasa. Mwina. Koma kuthamanga kwa magazi kobwera ndi mimba kumayamba pambuyo pa masabata 20, ndipo kumapha mayi ndi mwana yemwe.

Ena amachedwa kuyamba sikelo pobisa mimba, koma sindikunyoza mwambowu. Makolo adali ndi zifukwa zawo. Amene adalowapo mu Chamare Museum ku Kungoni akudziwa kuti Achewa sadasiye mayi wa mimba yoyamba kuti adziwe yekha zinthu: kudali chisamba, anamkungwi ankamulangiza. Anamkungwi omwewo lero atati awonjezere mawu amodzi, akuti namwino si mlendo womubisira mimba, atsikana ambiri angamve msanga kuposa momwe amamvera wailesi.

Inu abambo, musadikire kuti chitenje chiyambe kukwera. Mayi akangokuuzani kuti wadumphitsa mwezi kawiri, pezani ya kabaza, mupite naye limodzi, mukayezetse magazi nonse awiri, ndipo neti yomwe akalandire kumeneko mukaimangirire pomwe amagona, osati pa nazale ya tomato.