Luso Latsopano pa Munda: Kawailesi Kogona Kuti Batire Likhalitse

M'minda ya ku Ruwa, makilomita opitirira 20 kum'mawa kwa Harare, mlimi wa ndiwo zamasamba amadalira chitsime chakuya, pampu ndi thanki. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Thanki ikauma mwini wake ali kutali, ankadzazindikira mbewu zitafota kale.

Pofuna kuthana ndi vuto lotere, akatswiri amaika kawailesi kakang'ono m'zipangizo zoyezera madzi ndi chinyontho. Njira imodzi ndi LoRa, luso lomwe linayambitsidwa ndi kampani ya Cycleo ku Grenoble m'dziko la France, yomwe Semtech inagula m'chaka cha 2012.

Chinsinsi chake n'chakuti kawailesika kamagona nthawi yambiri. Kamadzuka kwa kamphindi, n'kutumiza uthenga waufupi, monga kuchuluka kwa madzi m'thanki, kenako n'kugonanso. Motero batire limakhala zaka zingapo osatha, ndipo pamalo opanda zotchinga uthenga umafika makilomita 10. Komatu sikatumiza mawu kapena zithunzi, ndipo pamafunika mlongoti wolandira uthengawo n'kuupititsa ku foni kudzera pa intaneti.

Apa ndi pamene alangizi ayenera kuchenjeza alimi. Mlongoti wodalira magetsi a ZESA okha umazima limodzi ndi pampu. Gulu la alimi lisanagule lifunse ngati pali sola, ngati batire lake limapezeka ku Harare, komanso amene adzakonze chipangizocho chikawonongeka. Popeza mlongoti umodzi umakwanira minda ingapo, alimi oyandikana akhoza kusonkherana ndalama.