Malonda ndi m'maso, ndiye tisiye kunamiza maso a makasitomala

Amalonda anzanga ndi inu madalaivala, ndakhala chete nthawi yaitali, lero mundilole ndilankhule. Mavidiyo a katundu amene tikuponya muno ndi pa status akutichotsera ulemu. Ena ndi a mphindi 7, foni ikugwedezeka ngati wojambulayo ali pa kabaza, theka la vidiyo tikungoona zala za kuphazi ndi simenti ya m'shopu ya ku Kariakoo. Ena ndi ooneka bwino koma abodza: chitenje chofiira modera chapakidwa filita mpaka chikupsa ngati tomato, nsapato ya pulasitiki ikunyezimira ngati chikopa chenicheni. Vidiyo yoyambayo kasitomala amangoidumpha. Yachiwiriyo amagula kamodzi, katundu akafika amatukwana, kenako amauza anzake onse kuti ife oyenda m'maboda ndife akuba.

Mfundo yanga ndi imodzi. Aliyense wogulitsa katundu kudzera pa foni aphunzire kukonza vidiyo pa kompyuta, ndipo aziikonza kuti katundu aoneke mmene alili m'manja.

Ndikudziwa zimene muyankhe. "Kompyuta ndi ya ana asukulu, ife takula." Bodza limenelo. Munthu amene amasintha ma rand, ma shilling ndi ma metical kupita ku kwacha m'mutu ali pa mzere pa Mwanza kapena pa Songwe, munthu wodziwa kuwerengera msonkho wa katoni iliyonse, angalephere kudula vidiyo pakati? Ena mukuti foni ikukwanira. Foni imajambula bwino, sindikukana. Koma pa sikirini yaing'ono ngati bokosi la machesi simungaone kuti ulusi wasomphoka kapena mtengo mwaulemba molakwika. Mapulogalamu ambiri a pa foni amakukankhirani mafilita ndi nyimbo musanapemphe, ena amadindanso dzina lawo pakona ya vidiyo yanu. Pa laputopu mumaona zonse bwino, ndipo mavidiyo a ulendo uliwonse mumawasunga mu foda yakeyake osadzaza foni.

Ena mukuti mapulogalamu ake ndi odula. Ayi. Shotcut, Kdenlive ndi OpenShot ndi aulere, ndipo saika chidindo pa vidiyo. Amene muli ndi Windows 11 muli kale ndi Clipchamp. DaVinci Resolve ilinso ndi yaulere, koma imafuna kompyuta yamphamvu, laputopu ya kaunjika idzangolira fani osasuntha. Ndipo musalole anyamata a m'tauni akuikireni mapulogalamu obedwa a pa fulashi. Mu laputopu yomweyo muli ma invoice anu, chithunzi cha pasipoti ndi zinsinsi za kubanki, ndiye mukutsekulira vairasi chitseko chifukwa cha chinthu choti chaulere chake chilipo? Chenjeraninso ndi dzina la Windows Movie Maker. Microsoft inasiya kuipereka mu 2017, choncho amene akukuitanirani kuti mukaitenge pa intaneti lero si eni ake. Pulogalamu iliyonse itengeni pa webusayiti ya amene anaipanga.

Ntchito yeniyeni ndi yochepa. Ndifotokoze ndi Shotcut. Musanayambe, pitani pa Settings, kenako Video Mode, musankhe yoimirira, chifukwa makasitomala athu amaonera pa foni ataigwira choimika. Kokerani vidiyo yanu pa mzere wa pansi wotchedwa timeline. Ionereni, ndipo pamene payambira zopanda ntchito dinani S, idukapo. Dinaninso S pamene zathera, sankhani chidutswa chapakaticho, dinani X, chichoka ndipo mpata utsekeka wokha. Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z zikubwezerani. Vidiyo ya pa foni ija siikhudzidwa, ndiye palibe choopa. Dulani mopanda chisoni mpaka itsale masekondi 30 kapena 40. Kasitomala akuonera ndi bandulo yake, si yanu.

Kenako lembani mawu pogwiritsa ntchito filita ya Text: dzina la katundu, saizi, mtengo ndi tsiku. Tsikulo musaliiwale. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mavidiyo akale n'kumazungulirabe ndi mitengo yakale, makasitomala n'kumatinena kuti takweza mwadala. Vidiyo yokhala ndi tsiku imathetsa mkangano wotere usanayambe. Ngati phokoso la msika lachuluka, tsitsani voliyumu n'kujambulapo mawu anu muli m'nyumba mwakachetechete. Nyimbo za oimba otchuka zisiyeni, chifukwa Facebook imatha kuzimitsa mawu onse a vidiyo yokhala ndi nyimbo ya eni ake, ndiye kufotokoza kwanu kuthera pomwepo.

Pomaliza pali pamene ambiri amagwa. Kudina Save sikutulutsa vidiyo, kumangosunga ndondomeko ya zimene mwadula. Muyenera kudina Export kuti mupeze fayilo ya MP4 yotumizika. WhatsApp imafinya mavidiyo kuti achepe, choncho kwa kasitomala wa oda yaikulu tumizani ngati document, aone nsalu mmene ilili.

Tsopano nkhani imene yandiwawa kwambiri, ya mitundu. Mu pulogalamu muli mabatani owonjezera kuwala ndi kukoleza mtundu. Ngati vidiyo yada, kwezani kuwala pang'ono, basi. Lokoleza mtundulo musalikhudze. Jambulani masana panja pamthunzi, osati pansi pa mababu a m'sitolo za ku Dragon City amene amasintha mtundu wa chovala. Mukamaliza kukonza, ikani katunduyo pambali pa laputopu, mufananize. Zikasiyana, bwezani. Mayi amene akuoda zitenje 40 za ukwati wa mwana wake akufuna mtundu umene anagwirizana ndi akuchimuna. Mukamutumizira wina, mwamuchititsa manyazi pamaso pa abale ake, ndipo ndalama ya thiransipoti yobwezera katundu kuchokera ku Mzuzu mulipira ndinu. Ngati chikwama chili ndi pokalika, chionetseni mu vidiyo n'kutsitsa mtengo. Kudulapo malo amenewo ndi kuba, kaya mwadula ndi lumo kaya ndi kompyuta.

Madalaivala, inunso izi zikukukhudzani. Ambiri muli ndi kamera ya kutsogolo kwa thiraki. Kamera imeneyi memori khadi ikadzaza imafufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Mukachita ngozi pa msewu wa Tete kapena wina akakugundani pa mzere wa ku Beitbridge, chotsani khadiyo msanga, mukopere fayilo yonse pa laputopu ndi pa fulashi. Yoyambayo musaidule ngakhale sekondi imodzi, chifukwa apolisi, abwana ndi a inshuwalansi adzafuna yathunthu yokhala ndi tsiku ndi nthawi yake. Vidiyo yodulidwa imabweretsa funso lakuti mwabisa chiyani. Yotichenjeza muno za mlatho woonongeka kapena malo a achifwamba, pangani kope n'kudula imeneyo, mubise nkhope za anthu ndi manambala a magalimoto a eni ake. Ndipo pa boda penipeni foni izikhala m'thumba. Kujambula maofesala ndi nyumba zawo kungakulanditseni foni ndi kukugonetsani pomwepo katundu ali pamsana.

Sindikunena kuti tisanduke opanga mafilimu. Ndikunena kudula, kulemba mtengo ndi tsiku, kukonza mawu ndi kutulutsa MP4. Maola amene timakhala pa Nyamapanda kapena pa Nakonde kudikira mapepala ndi okwanira kuphunzira zonsezi. Amene mulibe laputopu, gwirizanani atatu kapena anayi mugule imodzi, monga timachitira pogawana malo mu thiraki.

Ndikupemphanso ma admin athu: vidiyo yopanda mtengo, yopanda tsiku, kapena yopakidwa filita isamadutse muno. Munthu mmodzi akanamiza kasitomala, kasitomalayo sakhulupiriranso aliyense wa ife, ndipo amayamba kukana kulipira dipoziti ngakhale kwa oona mtima. Amene mwayesa Shotcut n'kukakamira penapake, funsani pansipa, tithandizana.