Sukulu ya mishoni isamasankhe ana ngati fodya

Zotsatira za mayeso zikatuluka, sukulu za Katolika zimadziguguda pachifuwa, ndipo nthawi zambiri m'pomveka: zimakhozetsadi ana. Koma pali funso lomwe sitikonda kulifunsa m'maparishi mwathu. Kuti chiwerengero cha okhoza chikongole chonchi, ndi ana angati anatsala panjira? Mlimi wa ku Nsaru akamamanga belo amaponya pambali masamba akuda ndi ong'ambika kuti mtengo ukamukomere ku Kanengo. Fodya ndiye amatero, osati mwana wa munthu.

Tiyambe ndi mwini sukulu. Malo ndi nyumba n'za mpingo, inde, koma aphunzitsi ambiri a m'sukulu za mishoni amalipidwa ndi boma. Ndalamazo n'za msonkho, ndipo msonkho amapereka ndi aliyense: Msilamu wogulitsa nsalu pa Nsaru, wa Mboni za Yehova wa ku Mpingu, ngakhale mkulu wa kudambwe wa kwa Kabudula amene sanapondeko m'tchalitchi. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino likuletsa tsankho, gawo 25 likupereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Mpingo nawo unanena kale. Mu 1965 msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican unalimbikitsa kuti sukulu za Katolika zizisamala makamaka osauka, osowa owalera ndi amene si achipembedzochi. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, ija inagwedeza boma la Kamuzu, inadandaulanso za ana osowa mwayi wa sukulu. Choncho amene akufuna chilungamo pasukulu ya mishoni sakubweretsa zachilendo. Akungokumbutsa mpingo mawu ake omwe.

Chitsanzo chili pakhomo pomwe. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chomwe masisiteri a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, chimalandira wodwala osamufunsa khadi la ubatizo. Ngati kuchipatala zikutheka, kusukulu kukuvutiranji?

Kuno ku Lilongwe n'kwa Achewa, ndipo mkangano wa nyau ndi sukulu za mishoni ndi wakalekale, wa m'nthawi ya atsamunda. Zipsera zake zikadalipo. Mnyamata wometa akachita phokoso m'kalasi, pamamveka mawu akuti “za kudambwe zakozo uzichitira kwanu, wachikunja iwe.” Akamva zimenezi kawiri katatu, sabweranso, ndipo timati ana a m'mudzi uja sakonda sukulu. Sindikuikira kumbuyo amene amatengera ana kudambwe sukulu ili mkati, kapena zilombo zothamangitsa ophunzira m'njira. Zimenezo mafumu azithetse, ndipo ahedi ndi bambo mfumu akhale nawo pansi. Koma kutukwana mwana chifukwa cha mwambo wa makolo ake si chikhristu. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, n'kusonyeza kuti wansembe angathe kulemekeza chikhalidwe cha Achewa osataya mtanda wake. Mphunzitsi wa kufupi ndi Nambuma alepherenji?

Nanga mtsikana wotenga pathupi? Kuyambira 1993 boma linalola kuti akabereka abwerere kusukulu. Papepala chitseko n'chotsegula, koma pali njira zambiri zomupirikitsira popanda kalata: kumutchula “make mwana” pamaso pa anzake, kumupereka ngati chitsanzo choipa pamzere wam'mawa, kuuza makolo kuti kuli bwino akayese kwina poopa kuti aononga ena. Mwini mimbayo, kaya ndi mnyamata wa Fomu 3 kaya bambo wa kabaza, akungoyenda mosatekeseka. Mpingo umene umaphunzitsa kuti mimba isachotsedwe ndiwo uyenera kukhala woyamba kulandira mtsikana amene wasunga mwana wake. Kupanda kutero, tikuphunzitsa atsikana ena kuti wochenjera ndi amene wachotsa mwakachetechete.

Za ana aulumali ndiye zimachititsa manyazi. Taonani chimbudzi cha pasukulu zambiri za m'midzi: khomo lopapatiza, pansi ponyowa, popanda pogwira. Mwana woyenda pa njinga ya olumala ayenera kutsika n'kukwawa ndi manja, manja omwewo adyere phala. Ambiri amangodzimana madzi tsiku lonse, kenako n'kusiya sukulu. Mwana wachialubino amafunika mpando wakutsogolo, zilembo zikuluzikulu pabolodi, chipewa ndi malaya a manja aatali, koma pena amauzidwa kuti chipewa si yunifolomu. Chonsecho koleji ya Montfort ku Nguludi, yomwe imasula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, inayambitsidwa ndi Akatolika omwewo. Luso lilipo mumpingo, koma silikufika kusukulu za m'midzi.

Ena amati tikalola zonsezi sukulu itaya Chikatolika chake. Mantha amenewa tinawaona pa nkhani ya hijabu. Ku Mpiri m'boma la Machinga, mu 2020, zinafika poti ofesi ya ahedi n'kutenthedwa, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linayanjanitsa atsogoleri a zipembedzo mu 2021 kuti atsikana Achisilamu aziloledwa kufunda kumutu pasukulu. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamulanso kuti ana a Chirasta asamabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi. Kodi pali Misa imene inalephereka chifukwa cha zimenezi? Mtanda ukhale pakhoma, pemphero lam'mawa lipitirire. Chikhulupiriro chimene chingagwe ndi mpango wa mwana wa Sitandade 5 ndiye kuti chinali chogwa kale.

Zofunika kuchita si zodikira azungu. Komiti ya sukulu iliyonse ya mishoni izipereka ku khonsolo ya parishi, teremu iliyonse, mayina a ana amene asiya ndi chifukwa chake, ndipo a m'miphakati aziwalondola kwawo. Pa zopereka za masika, gawo lina lizipita ku yunifolomu ndi makope a ana amasiye. Matumba ochepa a simenti akwanira kukonza khomo la kalasi ndi chimbudzi chimodzi chotakasuka. Ndipo a Arkidayosizi ya Lilongwe akamayamikira sukulu zawo, asamangofunsa kuti akhoza angati. Azifunsanso ahedi kuti mwa ana amene anawalemba Sitandade 1, afika Sitandade 8 ndi angati, ndipo enawo ali kuti.