MALANGIZO KWA ALIMI: Dzimbiri m'Thanki ya Njinga Yamoto

Alimi ambiri tsopano ali ndi njinga zamoto zimene amanyamulira mbewu kunka nazo kumsika, ndiponso odwala kuchipatala. Koma kawirikawiri njinga imazima panjira, mwini wake namadandaula kuti injini yatha, chikhalirecho chovuta chili m'thanki.

Thanki ikakhala ndi petulo pang'ono, mpweya wa m'katimo umachita mame usiku kukazizira. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amatsikira pansi nayamba kudya chitsulo. Ndiponso petulo wa kuno ku Malawi amamsakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Tizidutswa ta dzimbiri timatseka kampopi ndi kabureta, ndipo potsiriza thanki imabooka.

Mukasuzumira m'thanki ndi tochi n'kuona dzimbiri, chitani izi.

Choyamba, masulani thanki, mukhuthule petulo yense panja, kutali ndi moto ndi osuta fodya. Chotsani kampopi, pabowopo mutsekepo ndi kamtengo.

Chachiwiri, tsukani ndi madzi otentha a sopo. Ponyanimo manati odzaza dzanja, mutawawerenga, ndi kukhutchumula kolimba kuti dzimbiri litakasuke. Potulutsa awerengeninso, lisatsalemo ngakhale limodzi.

Chachitatu, dzazani viniga, akhalemo tsiku limodzi kapena awiri. Mukakhuthula, tsukuluzani ndi madzi a soda, ndipo muyanike padzuwa nthawi yomweyo, pakuti chitsulo chotsukidwa sichichedwa kuchitanso dzimbiri.

Chachinayi, gulani mankhwala omatira m'kati mwa thanki, amene pachitini pake palembedwa kuti sasungunuka ndi petulo wa ethanol. Penti wamba ayi, chifukwa amasupuka natseka njira ya mafuta. Thirani mankhwalawo, muzitembenuza thanki pang'onopang'ono kuti afike mbali zonse, otsalawo muwakhuthule. Onani kuti bowo la kampopi lisamatike.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mankhwalawa sagwira pa chitsulo chonyowa kapena chamafuta, monganso dothi lozirira siligwira pansi posasesa. Thanki iume gwaa musanathire mankhwala, ndipo mukathira dikirani masiku onse amene alembedwa pachitini musanathiremo petulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjerani! Musaumitse thanki pamoto, musaunikemo ndi machesi, ndipo musaiotcherere nokha. Thanki yopanda petulo ndiyo yoopsa koposa, chifukwa mpweya wa petulo wotsalamo umaphulika ndipo ungathe kupha munthu. Ngati bowo ndi lalikulu, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa ntchitoyi, kapena mugule ina.

Mukakonza, muziisunga thanki yodzaza, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo petulo wa m'zigubu muzimsefa ndi nsalu yoyera. Sabata yamawa tidzakamba za kasamalidwe ka tcheni.

MLANGIZI WANU