Mwana wopita kunja ayambe wadziwa mthiko

Pa Kafue si cacilendo kuona mwana akupita kukaphunzira kutsidya kwa nyanja. Pamene Boma linamanga fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inatsegulidwa mu 1970, pamodzi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, dziko linali ndi njala ya akatswiri, ndipo anyamata ambiri a m'Zambia anatumizidwa ku Britain, ku India ndi ku maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Ena anakafika ku Moscow, pa sukulu yaikulu imene inapatsidwa dzina la Patrice Lumumba mu 1961. Lero ambiri akulunjika ku China, ku Russia ndi ku India. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, motero palibe kholo lingadandaule za ulendo wotere.

Codandaulitsa ndi cakuti ana ambiri amanyamuka ndi mapepala a mayeso okhoza bwino, koma nsima sadziwa kuphika. Makolo amayesa kubisa colakwa cimeneci ndi katundu: ufa, kapenta, nsomba zouma, nshawa, zonse kupanikiza m'cola. Koma ndeke ili ndi muyeso wake wa katundu, ndipo maiko a mgwirizano wa Ulaya salola wapaulendo kulowa ndi nyama, ngakhale youma. Cimene capulumuka pa cipata cimatha mwezi usanathe, pakuti anzake nawonso amva fungo. Maphunziro a udokotala ndi zaka 6. Kodi thumba la kapenta lingafike kuti?

Cimene sicilandidwa pa cipata ndico luso la m'manja. Mwana wodziwa kupima phala ndi maso, kuthira ufa pang'onopang'ono ndi kutakasa kufikira nsima ititima, sagona ndi njala kulikonse. Ku Russia kuli ufa wa tirigu wa mbuumbuu umene eni ake amati manka, ndipo ophunzira a ku Africa akhala akuphikira nsima. Ku Italy amadya phala lolimba la cimanga cacikasu lochedwa polenta. Ku Romania liliko, dzina lake mămăligă. Therere limene amai amabudula kudimba, Amwenye amaliti bhindi ndipo lili pa msika uliwonse. Bonongwe ndi masamba a mbatata, aja a pa Kafue amati kalembula, amagulitsidwa m'misika ya ku China. Nshawa ziliko konsekonse, ndipo wodziwa kutendera angathe kusandutsa masamba acilendo kukhala ndiwo za kwao. Koma amene sanaonepo masamba amenewa ali aawisi, amene amangowapeza ali m'mbale, adzawapitirira pa msika ngati udzu.

Mlandu waukulu uli pa ana aamuna. M'mabanja ambiri mnyamata akayandikira mafuwa amapitikitsidwa, ati kukhichini ndi kwa atsikana. Mnyamata yemweyo ndiye adzapezeka yekha m'kacipinda ku Wuhan kapena ku Kazan, kunja kuli cisanu, m'manja muli buledi ndi tiyi. Mlongo wake amene anali kumphikira watsala ku Shikoswe.

Alipo onena kuti mwana anapita kukatenga maphunziro, osati kukaphika, ndipo mlendo ayenera kudya ca eni mudzi. Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Wophunzira wonyoza cakudya ca anthu amene amlandira ndi wopanda mwambo, ndipo adzabwerako asanaphunzire kanthu za iwo. Komabe kudya ca eni mudzi sikuletsa kuwaphikira ca kwanu. Anthu a ku Albania, amene anabalalika ambirimbiri ku Italy ndi ku Greece kuyambira 1990, amadziwika ndi byrek ndi tavë kosi, nyama ya nkhosa yoocha pamodzi ndi mkaka wowawasa. Mlendo wawo akalawa, wadziwa kumene acokera. Nanga mwana wa pa Kafue anzake akamuuza kuti lero tidye za kwanu, adzaika ciani pa thebulo?

Ndipo wina asanyoze nsima ya ufa wacilendo kuti si nsima. Cimanga cenicenico ndi mlendo. Cinacokera ku America pa zombo za Apwitikizi, makolo akale akudya mapira ndi mawere. Akuluakulu akukumbukira cilala ca 1992, pamene cimanga cacikasu cinabwera kucokera kunja. Anthu anang'ung'udza, koma anaphika nadya, ndipo ndiwo zinali zomwezija.

Coopsa cina cili pakhomo pano. Mtsinje wa Kafue suli monga kale. Nkhanu za zala zofiira zocokera ku Australia zalowamo ndipo zikuononga nsomba zokodwa mu ukonde. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa m'mitsinje yothira mu Kafue, nsomba zambiri nkufa. Lamulo loletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February likusungidwa ndi ena, ena akuliphwanya usiku. Kumtunda nako, amai odziwa kufutsa nkhwani ndi khwanya, kumanga cikwatu ndi kuceza cidulo akukalamba, ndipo adzukulu akuyesa mfutso cakudya ca aumphawi.

Nthawi yophunzitsa ilipo. Wolemba mayeso a Giredi 12 amatsiriza caka cisanathe, pamene masukulu ambiri a ku Ulaya ndi ku China amatsegula mu September. Miyezi ya pakatiyo ndiyo ya dzinja, pamene nkhwani ndi therere zili mbwee m'munda, ndi ya masika, pamene masamba amafutsidwa ndi nshawa zimakumbidwa. Ana ambiri amaithera pa foni ndi kuyendayenda pa msika, agogo awo ali kumudzi akusowa wowathandiza kuyanika.